Funsani Aphunzitsi: Mwana wafunsa za Aaborijini amene anaphedwa, ndimuyankhe chiyani?

*Zikomo Aphunzitsi. Ine ndi bambo a kunyumba tikukhala ku New South Wales, m'dziko la Australia, komwe ndimagwira ntchito ya unamwino. Mwana wathu wamkazi ali ndi zaka 10. Kusukulu aphunzira za kubwera kwa azungu m'dziko muno, ndipo aphunzitsi awo anawauza kuti Aaborijini ambiri, omwe ndi anthu oyamba kukhala m'dzikoli, anaphedwa chifukwa cha malo. Ndiye akungondifunsa kuti, "Amayi, anaphanso ana? Anawapha ndani? Nanga apolisi sanawagwire bwanji?" Ine mbiri ya kuno sindiidziwa kwenikweni. Bambo ake akuti nkhani zimenezi si zathu, ife ndife alendo, komanso mwanayo akadali wamng'ono. Kodi ndimuuze zoona, kapena ndidikire ayambe wakula?*

*Mayi wa ana awiri, New South Wales*

Mayi, mafunso atatu a mwana wanuyo ali ndi mayankho, ndipo si aatali. Ana anaphedwa, inde. Ankawapha ndi azungu ofuna malo odyetserako nkhosa ndi ng'ombe, antchito awo a m'mafamu, asilikali, komanso apolisi. Opha anzawowo sankagwidwa chifukwa boma linkayang'ana kumbali, ndipo kwina mfuti yowombayo inali ya wapolisi yemweyo. Mwana wa zaka 10 angathe kumva zimenezi, bola azimve kwa mayi ake atakhala pansi masana, osati pa foni usiku ali yekha. Pajatu mukamukana yankho sikuti funso latha. Akalilemba pa intaneti, ndipo kumeneko kulibe woyang'ana nkhope yake n'kuona kuti apa pakwana.

Bambo a kunyumba ndawamva ndipo sindikuwanyoza. Munthu wokhala m'dziko la eni ndi chikalata choti tsiku lina chikhoza kukanidwa amaphunzira kuyenda mosapanga phokoso. Koma zoti "si zathu" ndiye ayi. Nyumba imene mukugonamo, chipatala chimene mukugwirako ntchito, bwalo limene mwanayo amathamangamo, zonsezo zili pa nthaka ya fuko linalake, ndipo fukolo lili ndi dzina. Pa asembule ya sukulu mwanayo amamva mawu olemekeza eni nthaka ndi akuluakulu awo, mwambo umene amautchula kuti Acknowledgement of Country. Akukulira kuno, ndipo anzake ena a m'kalasi ndi zidzukulu za anthu amene tikunenawa, mbali zonse ziwiri.

Poti mwati mbiriyo simuidziwa, nayi mwachidule. Aaborijini akhala ku Australia zaka zoposa 50,000, ndipo pofika azungu anali mafuko ambiri olankhula zinenero pafupifupi 250. Pa 26 Januwale 1788, Arthur Phillip anakweza mbendera ya Britain pamalo pamene lero pali mzinda wa Sydney. Anabwera ndi zombo 11, zodzaza akaidi ndi asilikali owalondera. Sanachite pangano ndi wina aliyense, ndipo malamulo a atsamunda ankatenga dzikolo ngati lopanda mwini mpaka m'chaka cha 1992, pamene khoti lalikulu linathetsa bodza limeneli pa mlandu wa Eddie Mabo, yemwe ankamenyera malo a makolo ake. Patangopita chaka azungu aja atafika, nthomba inasesa anthu ozungulira Sydney. Kenako nkhosa zinayamba kulowa mkati mwa dziko. Zinkamwa pa zitsime za eni ake, n'kudya mizu imene amayi ankakumba, nyama zakutchire n'kuthawa. Anthu akamva njala ankabaya nkhosa, mwina kubaya m'busa amene wagwirira mkazi wawo. Zikatero azungu ankakwera mahatchi kukabwezera, osasankha wolakwa ndi wosalakwa. Zimenezi zinayenda ndi malire a mafamu, kuchokera kum'mwera kupita kumpoto ndi kumadzulo, kwa zaka pafupifupi 140.

Ndaphunzitsa ana a pulayimale nthawi yaitali, ndipo chimene ndinaona n'chakuti mwana sagwira chiwerengero. Mukamuuza kuti anafa anthu masauzande, amangoti kukamwa yasa, mawa waiwala, kapena amagwidwa mantha opanda mutu. Mwana amagwira malo amodzi, tsiku limodzi, ndi anthu oti angathe kuwatchula. N'chifukwa chake ndikukupatsani nkhani ya ku Myall Creek, yomwe ili m'chigawo chanu chomwecho, kufupi ndi tauni ya Bingara. Muidziwe yonse inuyo kaye, kenako musankhe zomuuza.

M'chaka cha 1838, gulu la anthu a fuko la Wirrayaraay linamanga misasa pa famu ya Henry Dangar. Anabwera kudzabisala, chifukwa m'deralo munkayenda magulu a okwera mahatchi osaka anthu akuda, ndipo wantchito wina wa pafamupo, Charles Kilmeister, anawauza kuti akhale. Anakhala masabata angapo mwamtendere, ana awo akusewera pakhomo pa antchitowo. Madzulo a pa 10 Juni, amuna amphamvu atapita ku famu ina kukasenda makungwa a mitengo, panafika okwera mahatchi motsogozedwa ndi John Fleming. Amayi, ana ndi nkhalamba anathawira m'kanyumba ka antchito, poganiza kuti anzawo aja awateteza. Okwera mahatchi aja anawatulutsa, kuwamanga onse ku chingwe chimodzi chachitali, n'kupita nawo kuseri kwa chitunda. Kumeneko anawapha, ambiri ndi malupanga, ndipo patapita masiku awiri anabwerera kudzatentha mitembo. Kilmeister, yemwe anawaitana uja, anapita nawo limodzi ophawo. Anafa anthu osachepera 28. Anyamata awiri anapulumuka pothawira mumtsinje.

Chimene chinasiyanitsa Myall Creek ndi malo ena ndi anthu amene anakana kutseka pakamwa. George Anderson, mkaidi wosamalira kanyumba kaja, anakana kupita nawo, ndipo pambuyo pake anaima m'khoti n'kutchula mayina, akudziwa kuti moyo wake uli pachiswe. William Hobbs, woyang'anira famuyo, atabwerako ku ulendo anapita pamalopo, anawerenga zotsala za mitembo, n'kukanena. Ntchito inamuthera. Bwanamkubwa George Gipps analamula kuti pafufuzidwe, ndipo mkulu woimira boma pa milandu, John Plunkett, anatengera anthu 11 ku khoti. Pa mlandu woyamba, gulu la azungu ogamula linangotuluka mphindi zochepa n'kubwera ndi yankho loti onse alibe mlandu. Plunkett sanagonje. Anatsegula mlandu wina, wa imfa ya mwana mmodzi, ndipo anthu 7 anapezeka olakwa. Ananyongedwa pa 18 Disembala 1838, Kilmeister ali m'gulumo. Fleming, yemwe sanali mkaidi koma mwana wa banja la eni mafamu, anabisidwa ndi abale ake ndipo sanaimepo m'khoti mpaka imfa yake. Mnyamata wina wa Chiaborijini wogwira ntchito pafamupo anaona zambiri ndi maso ake, koma lamulo la nthawiyo silinkalola Mwaborijini wosabatizidwa kulumbira m'khoti, choncho mawu ake sanamveke.

Kwa mwana wa zaka 10, ine ndinganene chonchi: "Panali mabanja amene ankakhala pafupi ndi mtsinje. Kunabwera amuna okwera mahatchi amene ankafuna kuti malowo akhale a ng'ombe zokha. Anapha agogo, amayi ndi ana, anthu 28, osalakwa chilichonse. Anyamata awiri anathawa. Munthu wina amene anaona anakana kubisa, ndipo ena mwa ophawo analangidwa." Mukatero khalani chete, mumve chimene afunse. Za malupanga ndi moto musayambe ndinu. Akafunsa kuti anawapha bwanji, muyankheni mawu amodzi oona, musakometsere komanso musajambule chithunzi. Akalira musamuletse, ndipo musathamangire kunena kuti "zinali kalekale". Akakufunsani ngati zingachitikenso kwa iye, poti nayenso ndi wakuda, funso limenelo ndi la mantha, si la mbiri. Muuzeni kuti ali pabwino, inu mulipo, ndipo lero wopha mnzake amamangidwa kaya akhale ndani.

Koma pali msampha pa nkhani ya Myall Creek, ndipo aphunzitsi ambiri amagweramo chifukwa imatha mokoma. Mwana akhoza kuganiza kuti olakwa ankalangidwa. Ayi ndithu. Myall Creek imatchuka chifukwa kulangidwa kwa azungu pa imfa za Aaborijini kunali kosowa kwambiri. Manyuzipepala ena a ku Sydney anakwiya ndi kunyongedwa kwa anthu 7 aja, osati ndi imfa za anthu 28. Eni mafamu anatolapo phunziro lina: kupha mwakachetechete, kwina pothira poizoni mu ufa n'kuupereka ngati mphatso, monga zinachitikira ku Kilcoy m'chaka cha 1842. Ku Queensland boma linali ndi gulu la Native Police, Aaborijini otengedwa kutali olamulidwa ndi akuluakulu achizungu, lomwe ntchito yake inali kuyeretsa njira ya mafamu ndi mfuti. Ndipo si zakale monga anthu amaganizira. Ku Coniston, m'chigawo cha Northern Territory, munali m'chaka cha 1928 pamene wapolisi George Murray anatsogolera gulu lobwezera imfa ya mzungu mmodzi, Fred Brooks. Boma linavomereza kuti anapha anthu 31, ndipo bungwe lofufuza linati anachita bwino. A fuko la Warlpiri ndi oyandikana nawo amati akufa anali ochuluka kuposa pamenepo. Alipo anthu lero amene anamva nkhaniyi kuchokera pakamwa pa agogo awo omwe anathawa tsikulo. Ndiye pouza mwanayo, onjezani chiganizo chimodzi: "Kumalo ena ambiri, palibe amene analangidwa." Limenelo ndiye yankho lenileni la funso lake lachitatu.

Mukafuna kuona kukula kwa nkhaniyi, akatswiri a pa yunivesite ya Newcastle, motsogozedwa ndi malemu Lyndall Ryan, anakonza mapu a pa intaneti osonyeza malo amene anthu 6 kapena kuposerapo anaphedwa nthawi imodzi, kuyambira 1788 mpaka 1930. Pali malo oposa 400 ndi anthu oposa 10,000, ndipo awa ndi okhawo amene umboni wake unapezeka. Mapuwo ndi anu inuyo, si a mwana wa zaka 10. Kwa iye pezani mapu ena, a AIATSIS, bungwe lofufuza ndi kusunga za chikhalidwe cha Aaborijini, osonyeza mafuko ndi zinenero m'mitundu yowala. Apeze pamene mukukhala, awerenge dzina la eni malowo, aphunzire kulitchula bwino.

Ndikunena za mapu achiwiriwa chifukwa pali cholakwika china chimene ndimachiona kawirikawiri: kuphunzitsa za Aaborijini ngati anthu amene anangofa basi. Anamenya nkhondo. Pemulwuy analimbana ndi atsamunda ozungulira Sydney zaka zoposa 10 mpaka anamuwombera m'chaka cha 1802, mutu wake n'kuutumiza ku England. Windradyne wa fuko la Wiradjuri anawavutitsa ku Bathurst mpaka bwanamkubwa analengeza ulamuliro wa asilikali m'chaka cha 1824. Jandamarra anazunguza apolisi m'mapiri a Kimberley mpaka 1897. Ana amawakonda anthu amenewa, ndipo ndi bwino awadziwe. Komanso eni nkhaniyi alipo, ndi madokotala, aphunzitsi, osewera mpira, mwinanso anamwino anzanu pa wodi. Chenjezo limodzi lokha: mumuuze mwanayo kuti asakapanikize mnzake wa Chiaborijini m'kalasi kuti afotokoze za makolo ake. Kwa iye ndi maliro a pakhomo, alankhule akafuna yekha. Adziwenso kuti m'mafuko ambiri satchula dzina kapena kuonetsa chithunzi cha munthu amene wangomwalira, n'chifukwa chake pa TV amayamba achenjeza, ndiponso kuti akuluakulu awo amaitanidwa kuti Aunty ndi Uncle.

Mukapeza mpata, pitani naye ku Myall Creek. Kuchokera ku Sydney ndi ulendo wa pafupifupi tsiku lonse pa galimoto. Chaka chilichonse, pa tchuthi cha mu Juni, anthu amasonkhana kumeneko. Ine ndinapitako ndi adzukulu anga, kukuzizira kodula zala. Mumayamba mwadutsa mu utsi wa masamba a bulugamu, womwe eni ake amafukiza poyeretsa olowa pamalopo. Kenako mumatsata kanjira kokhotakhota m'tchire. M'mbali mwa kanjirako muli miyala 7 yokhala ndi zolemba, uliwonse ukufotokoza gawo la nkhaniyi m'Chingerezi ndi mawu a Gamilaraay, chinenero cha eni deralo, ndipo owerenga mokweza ndi ana a sukulu, Aaborijini ndi azungu pamodzi. Kamtsikana kena kanakakamira pa liwu la Chigamilaraay, gogo wina wa fukolo n'kukanong'oneza, n'kupitiriza. Kumapeto kuli chimwala chachikulu choyang'ana kumene anthu aja anaphedwera. Chikumbutsochi chinatsegulidwa pa 10 Juni 2000, ndipo tsikulo Sue Blacklock, wa mbumba ya opulumuka, anakumbatirana ndi Beulah Adams ndi Des Blake, a mbumba ya ophawo. Si onse amene amakondwera nacho. Anthu ena anabwerapo mobisa n'kugoba mawu ena pa zolembazo, ndipo anachita kuzikonzanso.

Za anthu atatu okumbatiranawo mumuuze mwanayo, chifukwa tsiku lina adzabwera n'kunena kuti mnzake wachizungu ndi woipa poti makolo ake anapha anthu. Mwana wa zaka 10 sanaphe munthu. Mlandu ndi wa amene anagwira lupanga, ndi boma limene linawalekerera. Chimene mnzakeyo ali nacho, chimodzimodzi mwana wanu, ndi udindo wodziwa ndi wosanama. Ndipo mukamva mnansi wanu wachikulire akunena kuti iye kusukulu sanaphunzireko zoterezi, mwina sakunama. M'chaka cha 1968 katswiri wina, W. E. H. Stanner, anadandaula pa wailesi kuti dziko lonse linazolowera kuiwala dala nkhaniyi, ndipo mabuku a sukulu a nthawiyo ankangoidumpha. Mwana wanu akuphunzira zimene agogo a anzake anabisiridwa. Kaonaneni ndi aphunzitsi ake, muwafunse mabuku amene akugwiritsa ntchito, makamaka olembedwa ndi Aaborijini eni ake, kuti za kunyumba ndi za kusukulu zisamatsutsane.

*Aphunzitsi, mnyamata wanga wa zaka 15 wakana kupita nafe kokawotcha nyama pa 26 Januwale, tsiku la Australia Day. Akuti ndi tsiku limene dziko linalandidwa. Anzanga a kuntchito ndi amene atiitana, ndipo ndikuopa kuoneka ngati wosayamika. Ndimukakamize?*

*Bambo wa ku Perth*

Bambo, musamukakamize. Mnyamatayo sanapeke yekha maganizo amenewa. Pa 26 Januwale 1938, azungu akukondwerera zaka 150, atsogoleri a Aaborijini monga William Cooper, Jack Patten ndi William Ferguson anasonkhana ku Sydney n'kulitcha tsiku la maliro. Mpaka lero ambiri amalitchula kuti Invasion Day (tsiku lolandidwa dziko) kapena Survival Day (tsiku lopulumuka), ndipo amayenda m'misewu ya mizinda ikuluikulu. Komanso tchuthichi si chakale monga chimaonekera: zigawo zonse zinayamba kupuma pa deti lenilenilo m'chaka cha 1994. Khonsolo ya Fremantle, pafupi ndi inu pomwepo, inasuntha chikondwerero chake m'chaka cha 2017. Kumbali ina, alipo ambiri amene tsikuli ndi limene analandira unzika, ndipo amalikonda pa chifukwa chimenecho. Anzanu a kuntchito akudziwa kuti dziko lawo ndi logawanika pa nkhaniyi. Mukawauza kuti mnyamata watsala chifukwa cha maganizo ake, sadzadabwa. Inu pitani ngati mtima wanu ukulola.

Chimene ndingamupemphe mnyamatayo n'chakuti kukana kwakeko kukhale ndi miyendo. Pa zaka 15 n'kosavuta kubwereza mawu a pa Instagram. Mufunseni eni nthaka ya Perth ndi ndani. Akayankha kuti a Noongar, mufunsenso za Yagan, yemwe dzina lake lili pa bwalo lalikulu pakati pa mzinda. Anaphedwa m'chaka cha 1833, mutu wake unatengedwa kupita ku England, unabwezedwa mu 1997, ndipo unaikidwa m'manda mu 2010. Mufunse za Pinjarra, kum'mwera kwa Perth, komwe mu Okutobala 1834 bwanamkubwa James Stirling anatsogolera yekha gulu lomwe linawombera anthu a Binjareb m'mphepete mwa mtsinje wa Murray. Msinkhu wake ndi woti angathe kumvanso kuti akatswiri a mbiri amakangana pa ziwerengero: Henry Reynolds anati Aaborijini ophedwa m'nkhondo za malirezi anali pafupifupi 20,000, Keith Windschuttle anati ziwerengero zina n'zokokomeza, ndipo ena ofufuza za Queensland amati 20,000 yachepa kwambiri. Aphunzire kufunsa kuti umboni uli kuti, ndi chifukwa chake wopha munthu kutchire sankalemba m'buku.

Ngati banja lanu limapita ku chilumba cha Rottnest kukajambulitsa ndi tinyama ta quokka, monga amachitira ambiri a ku Perth, ulendo wotsatira mumupatse ntchito mnyamatayo yotsogolera. A Noongar amachitcha Wadjemup. Kuyambira 1838 mpaka 1931 chinali ndende ya amuna ndi anyamata a Chiaborijini pafupifupi 4,000 ochokera m'chigawo chonse cha Western Australia, ndipo oposa 370 anafera komweko n'kuikidwa m'manda opanda zizindikiro. Kwa zaka zambiri alendo ankamanga matenti pamwamba pa mandawo osadziwa. Lero malowo anapatulidwa ndipo pali zikwangwani, mtunda woyenda pansi kuchokera pamene boti limakocheza. Awerengeretu asananyamuke, akakufotokozereni inu ndi azibale ake mukafika.